Jekete Kuseri kwa Masitepe

Amuna anga ndi mmisiri wa pulasitala, ndipo mumzinda muno amawatchula kuti a Laimu, chifukwa amapaka laimu yekha, simenti amadana naye ngati anawalanda mkazi. Iwo amati khoma lakale limapuma, ndiye ukalitseka ndi simenti, mchere wa m'nyanja umalidyera m'kati.

Akuluakulu a mzinda atafuna kukonza nyumba yakale ya kasitomu, yolipirirako msonkho wa katundu pa doko, ija ya zipilala zisanu ndi wotchi yomwe inaima ine ndisanabadwe, anaitana iwowo. Anapita akuimba mluzu. Koma nkhani inali kuseri kwa masitepe. Pamenepo malemu apongozi anga, bambo a amuna angawa, omwenso anali mmisiri, anadinda chikhatho pa pulasitala wosauma tsiku lomwe anatsiriza ntchito, monga ankachitira amisiri akale. Chithunzi chawo tilibe. Chotsala ndi dzanja limenelo basi.

Tsono mayi injiniya woyang'anira ntchitoyo anali atalamula kuti pulasitala yense wakale achoke. Bambo a kwathu anangokhoma msomali pamwamba pa dzanjalo, n'kupachikapo jekete. Masabata atatu, dzuwa likuswa mtengo, makoma ena onse atakokotedwa, jekete lili pompo.

"Abambo," ndinatero tsiku lina nditawabweretsera chakudya, "kodi jeketeli nalonso analilemba ntchito? Silijomba ayi."

"Tatsitsani mawu amayi, nyumba ino imabwereza zonse."

Lachisanu mayi injiniya anafika ine ndili pomwepo, n'kuchotsa jekete lija okha. Anagogoda khoma ndi chala, likumveka ngati ng'oma.

"Bambo, ndinaona kale sabata yoyamba, ndimangokusiyani. Koma tamvani nokha, m'katimu mwafumbwa. Tsiku lina zigwera munthu izi."

Amuna anga sanatsutse, poti khutu lawo limadziwa khoma kuposa la wina aliyense. Anatenga tchizulo, n'kuyamba kudula mozungulira pang'onopang'ono, kuti mwina dzanjalo lichoke lathunthu. Ayi ndithu, linakana. Linagwa pansi n'kuphwanyika ngati bisiketi, ine mtima kuwawa kwabasi.

Fumbi litatsika, tonse kukamwa yasa. Pamalo pomwepo, pa pulasitala wakale kwambiri wa m'kati, panali chikhatho china, chaching'ono, chala chimodzi chodukira.

"Ha!" anakuwa amuna anga. "Ndiye kuti madala aja nawonso anakwirira dzanja la mnzawo, osatiuza!"

Anaseka mpaka misozi, koma kuseka kutatha misoziyo sinaleke. Mayi injiniya anapita kukayang'ana wotchi yakufa ija, ngati imayenda.

Masana anapaka laimu watsopano, ndipo asanaume anadindapo chikhatho chawo. Akuti wodzakokota adzakokote, bola adzamve chisoni pang'ono.

Zidutswa zija ndinazitolera m'mbale yomwe ndinabweretsera chakudya. Zili pawindo kwathu. Chala chachikulu chokha ndicho chinatsala chathunthu, ndipo m'mawa uliwonse, asananyamule zida, amuna anga amachikhudza kaye, akuganiza kuti sindikuona.