Nsomba Yoitana m'Kabati

Mayi Kalimanjira, katswiri wa za nsomba, analota masanasana ali pa desiki, cholembera chili m'manja. Patsogolo pawo panali kalata yolola asodzi kuponyanso makoka m'nyanja ya Malombe. Inangotsala siginecha yawo, yotsimikiza kuti chambo chikuswana bwino.

Kabati yachitsulo inayamba kudontha madzi. M'kabatimo munali madisiki a mawu a pansi pa nyanja, omwe maikolofoni omizidwa m'madzi anajambula zaka zisanu. Palibe anawamvetserapo, ndipo akatswiri anzawo a ku Mozambique sankadziwa n'komwe kuti alipo. Pa ofesipo satsegula deta popanda chilolezo cha mwini polojekiti, koma mwini wakeyo, a Dokotala Mbingwani, anatisiya chaka chatha. Anthu ophunzira, kudikira siginecha ya kumanda!

Madzi anafika m'mawondo. Kabati inatseguka, a Mbingwani n'kutulukamo atavala suti imene anaikidwa nayo, ndere zili m'matumba.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera, kaya inu a Dokotala?"

"Ndaswera. Chilolezo chija sindingasaine, zala zinatha. Tamverani."

Anawaveka mahedifoni ozizira. Pa disiki ya chaka choyamba, nsomba zazimuna zinkang'ung'udza pa zisa zawo, phokoso ngati pamsika. Chaka chachitatu panamveka mainjini ndi makoka akukwekwereza pansi. Chaka chachisanu panatsala nsomba imodzi. Inkaitana, n'kudikira, n'kuitananso. Woyankha panalibe.

Kenako anamva kukwecha, ngati khoswe kudenga.

"Nanga ichi n'chaka chiti?" anafunsa mayiwo.

"Ndi lero, mayi. Taonani dzanja lanu."

Dzanja lawo linkasaina lokha pansi pa madzi. Analigwira ndi linzake, koma silinaime. Chilembo chilichonse chikatha, mawu a nsomba ija ankachepa. Mantha anawagwira, anafuna kukuwa, madzi n'kuwadzaza m'kamwa.

Anadzidzimuka. Pansi panali pouma, kabati ili chikhomere. Koma pa kalata paja panali theka la dzina lawo, inki isanaume.

Dalaivala anagogoda. "Mayi, asodzi akudikira kalata ija."

Mayi Kalimanjira analikhalira dzanja lija, poopa kuti lingamalize.

"Adikire, achimwene. Pitani mukandipezere hamala, tithyole kabatiyi."