Zitini za Amake Fyson

Nkhono za ku Biriwiri zilibe manyazi. Sindikunena zija zoyenda ndi chigoba kumsana ayi, koma zamaliseche zija, zoterera ngati mamina, zobisala pansi pa zinyalala dzuwa likamawala. Izi n'zimene zinawasowetsa mtendere a Yoramu chaka chimene anaika akazi awo, a Salome.

Dimba linali kumunsi kwa phiri, m'mbali mwa kamtsinje, ndipo chikwatiranireni linali la a Salome. A Yoramu ankadziwa za chimanga ndi mbatatesi basi, ndiwo ankangozionera m'mbale. Maliro atatha, mwana wawo mmodzi yekhayo, Fyson, anabwerera ku Joni, mkuluyu n'kutsala m'nyumba yoti ukatsokomola palibe wofunsa. Kudenga kunapachikika kansalu komanga mfundo, m'kati muli njere za mpiru. Mpiru umenewu a Salome anachita kupatsidwa ndi amayi awo, wa masamba aakulu, wowawirako pang'ono, ndipo m'mudzi monse panalibe wina anausunga. Njerezo zikanatha, mbewuyo ikanathera pomwepo.

Tsiku loyamba kutsikira kudimba, a Yoramu anayamba ndi kukonza. Munthuyu anali waukhondo mpaka kunyanya. M'makona mwa mabedi anapeza zitini zadzimbiri zokwiriridwa mpaka m'milomo, zija ankakangana nazo ndi akazi awo chaka ndi chaka. Ankati dimba si dzala, a Salome n'kumangoseka osayankha. Tsopano wowaletsa panalibe. Anazizula zonse n'kukaziponya kuseri kwa chulu.

Anafesa theka la njere, ndipo zinamera bwino zedi. Koma m'mawa wina anapeza mbewu zambiri zasanduka timapesi tokhatokha, ndi tinjira tonyezimira tadutsa pabedi ponse. Anathira phulusa kuzungulira, nkhungu ya kuphiri inabwera n'kulinyowetsa, nkhono n'kumadutsa ngati pamsewu. Anayamba kulawirira kukatola ndi kamtengo mpaka msana kuuma. Wina pamsika wa Lizulu anawauza za mchere. Mcherewo unaphadi nkhono, koma unawotchanso timbewu timene tinatsala.

Njere zotsala m'kansalu zinali zosadzaza n'chikhatho chomwe. Anazifesa pabedi lina, ndipo zitamera anachita mantha enieni. Ankakhala pamwala n'kumangoziyang'ana, osadziwa kuti afunse ndani. Kale akasowa chinthu ankangoti, "Amake Fyson," yankho n'kubwera kuchokera kukhitchini.

Anawapeza pamwalapo ndi a Rute, mayi wophika mowa wamasese kutsidya kwa mtsinje, akuchokera kotola nkhuni. A Yoramu anali mkulu wa mpingo, ndipo pakhomo pa mayiyu anali asanapondepo. Moni wawo unali wapanjira.

A Rute anatula mtolo, n'kuyang'ana m'makona mwa mabedi. "Abambo a Fyson, zitini zija zili kuti?"

"Ndinataya. Zinyalala zija?"

Mayiyo anagwira pakamwa. "Ndiye mwawatsegulira nokha khomo akubawo. Mmene muja anzanga ankathiramo masese. Nkhono zimatsata fungo, zikagweramo sizitulukanso."

"Masese? M'dimba mwanga muno?"

"Zaka zonsezi. Ankabwera kwathu ndi kachigubu m'dengu, pamwamba ataphimba ndi masamba. Ndinkawapatsa zotsalira za pansi pa mbiya. Tikacheza pang'ono, iwo n'kumapita."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Akanakuuzani bwanji, inu Lamulungu lililonse mukudzudzula mowa kutsogolo? Ankati, bambo aja asiyeni, angachite manyazi ndi ndiwo zimene akudya." A Rute anasenza mtolo wawo. "Ndatcheza mowa dzulo. Mukafuna, nditumiza munthu kukada, asakuoneni."

 A Yoramu sanakwiye ndi mowawo. Chinawapweteka n'chakuti mkazi amene anagona naye mphasa imodzi mpaka imvi ankayenda ulendo umenewu yekha, mobisa, pofuna kuwasungira ulemu, iwo ali kalikiliki kumunena za zitini.

"Musatume munthu," anatero. "Ndibwera ndekha."

Anapitadi masana dzuwa lili pamutu, kachigubu kali m'manja, kopanda chophimba. Amuna amene ankamwa pansi pa mtengo anasiya nkhani zawo. Wina anati, "Akulu a mpingo, takulandirani, chipanda chilipo." Anzake anaseka. A Yoramu anapereka moni kwa aliyense, n'kuima pambali a Rute akuthira, kenako n'kubwerera njira yomweyo, yodutsa kutsogolo kwa tchalitchi.

Kuseri kwa chulu zitini zinali zikadalipo. Anazitola chimodzichimodzi. Maenje ake anali asanafafanizike, moti chitini chilichonse chinabwerera pamene mwini wake anachiika. Anathiramo masese dzuwa likupendeka.

Kutacha anapeza zitini zadzaza nkhono zofufuma. Mpiru unali utadyedwa m'mphepete mokha, pakati ponse pali bwino, timasamba tili ndi mame. Anawerama n'kuwerenga ndi maso timene tingafike pochita maluwa n'kubereka njere. Tinalipo tokwanira. Anatembenuka kuti auze munthu, koma kumbuyo kwawo kunali mpanda wa udzu ndi khasu lawo.

M'kachigubu munatsala masese pang'ono. A Yoramu, amene moyo wawo wonse ankachoka pamalo akaona akuluakulu a Chingoni akuthirira mizimu mowa, anagwada kumutu kwa bedi, n'kuthira pansi pang'onopang'ono mpaka dothi litamwa.

"Amake Fyson," anatero, "mukanandiuza, bwenzi ndikukunyamulirani."