Maliro a Sajeni

Sajeni anamva za maliro ake ali pampando wa ometa tsitsi, mutu utametedwa mbali imodzi.

Dzina loti Sajenili silinali la ku polisi ayi. Mwamunayu mfuti yeniyeni anali asanaigwirepo, ndipo akaona galu wa apolisi ankawoloka msewu ngati wina aliyense. Dzinali analitola m'sewero la pa TV lomwe linkaonetsedwa Lachinayi lililonse madzulo, momwe ankasewera ngati wapolisi wamakani, wokana ziphuphu, wokonda kuloza anthu ndi cholembera. Linamukanirira moti ngakhale mlongo wake weniweni akapsa mtima ankati, "Inu a Sajeni inu!"

Amene anaimba foni anali Sizasi, mkulu wodula ndi kulumikiza zithunzi za seweroli, munthu wosadziwa kupereka moni.

"Akulu, mwakhala pansi?"

"Ndikumetetsa. Lankhula."

"Ndiyetu mufa lero."

"Iwe, gawo limenelo ndi la sabata ya mawa."

"Linali la sabata ya mawa. Mpira umene amati aonetse walephereka, bwalo ladzaza madzi. A ku siteshoni akuti m'malo mwake aika magawo athu awiri motsatizana. Loyamba lili mkati ndikulankhula pano. Ndati ndikudziwitseni, mwina mungafune kudzionera."

Sajeni anadula foni. Anadziyang'ana pagalasi, koma amene ankamuona m'maganizo anali amayi ake, atakhala pampando wawo wa pakona, magalasi ali pamphuno, rimoti ili pamiyendo.

Nkhani yake inali yotere. Wolemba seweroli anaona kuti owonera ayamba kuyasamula ndi kusinthira kumatchanelo ena, ndipo olemba onse akafika pamenepo mankhwala awo ndi amodzi: kupha munthu amene anthu amamukonda. Maere anagwera Sajeni. Pojambula gawolo mwezi wathawu, anamuwombera kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, tsiku lotsatira n'kumugoneka m'bokosi lobwereka, mkulu wa sewero akukuwa kuti olira alire ngati anthu, osati ngati amphaka. Onse analumbiritsidwa kuti asauze munthu, ngakhale mkazi wa m'nyumba. Sajeni anasunga lumbirolo, koma anali atakonza zake: sabata ya mawa apita kwa amayi masana, awafotokozera bwinobwino, ndipo poonera akhala pambali pawo kuti aziona ndi maso kuti mwana wawo ali moyo.

Amayi akewo si kuti sankadziwa kuti sewero ndi sewero. Ankadziwa ndi mutu, koma mtima sunkamva. Tsiku lina zigawenga zitamumenya Sajeni pa TV, anaimba foni kufunsa ngati wapakapo mankhwala, ndipo mnzake amene anasewera ngati chigawengacho atabwera kudzacheza kunyumba, anam'patsa madzi akumwa nkhope itayang'ana kumbali. Chimwalirireni bambo chaka chatha, magazi awo ankathamanga pa kanthu kakang'ono, ndipo dokotala anachita kunenetsa kuti asamadzidzimutsidwe.

Ndiye panali nkhani ya jekete. Kuntchito kwa Sajeni zovala aliyense amabweretsa zake. Mkulu wa sewero atati maliro afunika suti yakuda yooneka bwino, Sajeni anazembera amayi ali kutchalitchi, n'kutenga jekete la malemu bambo ake muwadiropu, mawa lake n'kulibwezera mwakachetechete. Panthawiyo anadziona wochenjera. Koma tsiku limene Sizasi anamuonetsa zithunzizo pakompyuta, nkhope itapakidwa paudala wotuwa, maso ali chitsekere, anazindikira zimene wachita. M'bokosimo munagona bambo ake enieni, mphuno yomweyo, chipumi chomwecho.

Anaimbira amayi. Foni inali yozimitsa, monga mwa lamulo lawo la Lachinayi: sewero likayamba, ngakhale abusa adikire. Anaimbira mlongo wake, namwino, amene anayankha monong'ona ali pantchito.

"Achimwene, ndili ndi odwala. Mwatani?"

Anafotokoza mwachidule, mawu akupunthwa.

"Mwati jekete la ndani?"

"La adadi."

Kenako mlongoyo anati, "Inu a Sajeni inu, mutu wanu umagwira? Ine sindingachoke pano. Thamangani! Akapezeka ndi kanthu amayi, ine ndi inu chibale chatha."

Sajeni anadzuka nsalu ili m'khosi. Wometa anatsala makina ali m'manja akulira okha.

"Bwana, mbali inayi?"

"Undisungire!"

Panja mvula inali itakata, koma inasiya msewu uli matope ndi magalimoto ondondozana ngati akupita kumanda. Minibasi ikanamufikitsa maliro atatha. Anakodola wa njinga yamoto, mnyamata wa jekete lonyezimira, ndipo asanakhale n'komwe bwino anamva, "Aaa! Si a Sajeni awa? Bwana, ine ndimakutsatirani. Mundiuzeko, katundu uja anaba ndi mkazi wa bwana wanu eti?"

"Yendetsa njinga, mphwanga."

"Ine ndinawauza anzanga kuti mzimayi ameneyu maso ake si abwino."

"Yendetsa!"

Mnyamatayo anayendetsa ndithu, kulowa apa kutulukira apo, magalasi a magalimoto akupulumukira pang'onong'ono. Koma mzinda wonse unkaoneka ngati wapangana zomuzunza Sajeni. M'sitolo iliyonse, m'bala iliyonse, m'kanyumba kalikonse kotchajira mafoni, TV inali pa sewero lomwelo. Ataima pa maloboti, pafupi ndi sitolo yogulitsa ma TV, anadziona yekha pa magalasi ambirimbiri nthawi imodzi, akulowa kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu ija, tochi ili m'manja. Gawo lachiwiri linali litayamba. Anafuna kudzikuwira kuti bwerera, chitsiru iwe, koma maloboti anasintha.

Pamlatho wa kumunsi anapeza madzi atasefukira, anthu ataunjikana akuonerera ngati alipo wawalipira. Anazungulira njira ya kumsika, yaitali, yokumbikakumbika. Akudutsa pa bala ina anamva mfuu wa amuna ambiri nthawi imodzi, mfuu wonga wa chigoli cholowa kwanu. Wina anatuluka manja ali kumutu.

"Kwachitika chiyani kumeneko?" anafunsa wa njinga.

"Andiwombera," anatero Sajeni.

Mnyamatayo anangowonjezera moto.

Kuchokera pa imfa kufika pa bokosi panali zotsatsa malonda, kenako kulira kwa mkazi wa Sajeni wa m'sewero, kenako apolisi kukangana. Sajeni ankawerengera zonsezo mumtima, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anapempha kuti otsatsa sopo achulutse zonena. Anapemphanso kuti magetsi azime, iwo amene amazima tsiku lililonse popanda wowapempha. Koma mababu a m'makonde ankangowala mwamwano njira yonse.

Kanjira kolowera kwa amayi njinga sikanatha kudutsa chifukwa cha matope. Anatsika, n'kuponyera mnyamatayo zimene zinali m'thumba, n'kuliyatsa liwiro, nsalu ya ometa ikuuluka kumsana. Nsapato imodzi inatsalira m'thope ndipo sanaicheukire.

Atafika pageti anaima. M'nyumbamo munkamveka kulira. Sikunali kwa pa TV, kumene iye ankakudziwa mawu ake onse. Kunali kulira kwa azimayi enieni, kokweza, kosakonzekera, ndipo wina ankabwereza kuti, "Mayo ine, mayo ine, taonani mayi athu!"

Sajeni anagwira geti, ndipo m'maganizo anaona zonse: mpando wa pakona, magalasi atagwera pansi, mlongo wake akubwera ndi yunifolomu. Anachita mantha amene sanawachitepo chibadwire, ndipo anadzida. Zoti akanatha kuwanong'oneza amayi mwezi wathawu, lumbiro la mkulu wa sewero n'kulisiya liphwe lokha, anaziona poyera tsopano pamene zinalibenso ntchito. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo, n'kukankha chitseko.

Pabalaza panali podzaza. Azimayi oyandikana nawo nyumba, amene Lachinayi lililonse ankabwera kudzaonera pa TV yaikulu ya amayi, anali mbwee pamipando ndi pansi, maso ali psuu. Mayi wogulitsa makala ndiye anali kutsogolera nyimbo ya maliroyo, atakumbatira miyendo ya amayi. Pa TV mayina a osewera ankakwera pang'onopang'ono.

Woyamba kumuona anali mkazi wa telala. Anakuwa mokweza kuposa onse, n'kudumphira kuseri kwa sofa. Ndipo ndani angamunene? Munthu wangomuona m'bokosi, ndiye uyu waima pakhomo, nsalu yoyera ili m'khosi, phazi limodzi lopanda nsapato, mutu wometedwa theka.

Amayi anali pampando wawo, magalasi ali pamphuno, rimoti ili pamiyendo. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Wandilowetsera matope," anatero.

Sajeni anatsamira chitseko. Mpweya umene anaugwira kuchokera pageti unatuluka wonse nthawi imodzi, ndipo anayamba kuseka, kuseka kopusa, misozi ikutsika. Mtima wake unabwerera m'malo mwake moti akanatha kupsompsona aliyense m'chipindamo, ngakhale mayi wa makala.

Kulira kunasanduka mlandu. Mkazi wa telala anatuluka kuseri kwa sofa n'kudzamutsina pamkono kuti atsimikize. Mayi wa makala anati wolemba seweroli ndi mfiti, ndipo akadzamuona pamsika adzamuuza mawu. Wina anati iye sadzaoneranso, kenako pompo n'kufunsa kuti wawombera ndani. Wina anati mkazi wa Sajeni sanalire mokwanira, pali chimene akudziwa. Wina anadandaula kuti bokosi linali lotchipa, munthu wagwirira boma ntchito zaka zonsezi.

"Nanga mudzuka?" anafunsa mkazi wa telala. "Mwinatu munangokomoka."

"Ndafa ndithu, mayi," anatero Sajeni. "Muonere sabata ya mawa."

"Ife ayi," anayankha onse, akufunsana kale kuti liyamba nthawi yanji.

Anatuluka mmodzimmodzi akukanganabe, mawu awo n'kumazilala m'kanjira. Amayi anazimitsa TV. M'nyumba munati zii, kungotsala kudontha kwa madzi a padenga. Sajeni anavula nsalu ija m'khosi, n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wawo monga ankachitira ali mwana.

"Amayi, mundikhululukire. Ndimati ndidzakuuzeni ndekha, koma asintha tsiku osatidziwitsa. Mwamwa mankhwala? Mutu sukupweteka?"

"Ndamwa. Usandifunse ngati mlongo wako."

"Ndi jekete lija..."

"Ndaliona."

Anavula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya nsalu yawo, nthawi yaitali kuposa imene magalasi amafuna.

"Pokuwombera paja sindinadandaule kwambiri," anatero. "Unagwa moonjeza, ngati thumba. Koma atatsegula bokosi lija, mwanawe, ndinaona bambo ako. Ndinamva kutentha kukukwera m'khosi muno. Ndinati ndizimitse, chala chinakana. Ndinati basi, ndaika mwamuna, lero ndiikenso mwana, ndili pampando womwewu."

Sajeni anaweramitsa mutu.

"Kenako ndinaona kuti ukupuma."

Sajeni anadzutsa mutu msangamsanga. Ngakhale pa nthawi ngati imeneyi, wosewera ndi wosewera basi.

"Ayi amayi, sizingatheke. Tinabwereza kambirimbiri mpaka ndinaona nyenyezi. Mkulu wa sewero anachita kuyandikitsa maso. Sizasi anadula paliponse pamene ndinagwedezeka."

"Auze adulenso. Chifuwa chinakwera pang'ono, pamene mkazi wako uja amaika maluwa. Chinakweranso pamene abusa amatseka buku."

"Azimayi onsewa sanaone."

"Iwowa amayang'ana nkhope." Anavalanso magalasi. "Ine kuchipatala kuja ndinakhala pambali pa bambo ako masiku onse aja, osayang'ana china koma chifuwa. Chikakwera, ndimati zikomo. Chikatsika, ndimadikira. Tsiku lomaliza ndinadikira, ndinadikira, anamwino mpaka anachita kundigwira mapewa. Ndiye iwe ungandinamize ine? Nditangoona chakwera, ndinati lirani anzanga, wanga ali moyo, ntchito yake ndiyo sakuidziwa."

Sajeni anali akupumirabe m'mwamba ndi liwiro lija, malaya atamatirira thukuta. Amayi anawerama, n'kuika dzanja lawo pachifuwa pake, chikhatho chonse. Linali lozizira.

M'thumba foni inayamba kulira. Anadziwa kuti ndi mlongo wake, ndipo anasuntha kuti aitulutse.

"Muyankhe bwino lino," anatero amayi, dzanja lili pomwepo. "Takhala kaye choncho."