Mawu a Biswick m'kabokosi

Kuchapa zovala za mwana wake Etta, kubweza mipando ya tchalitchi ku Peckham, kuimbira foni eni nyumba, kutsuka makapu makumi atatu amene anthu a pamaliro anamwera tiyi, kenako shifiti ya masana kunyumba yosamalira okalamba. Wezzie anali atalemba zonsezi kuseri kwa envelopu ya chipepeso. Anali pa makapu pamene alamu ake, a Anderson, anakhazika kabokosi kakuda kosungiramo mafilimu patebulo.

"Munthu uja akufuna yankho lero, mlamu."

Panali patapita masiku asanu ndi anayi chimuikire mwamuna wake Biswick m'manda. Anagwa pa siteshoni ya Lewisham, kamera ili kumsana, mtima n'kuimira pomwepo. Kwa zaka zisanu ankajambula ligi ya hoke ya pa ayezi, masewera amene kwawo ku Ntcheu sanawalotepo n'komwe. Chaka chatha kampani ya kanema inasiya kuonetsa ligiyo, ati oonera achepa, ntchito n'kutha. Biswick anayamba kuyendetsa galimoto yoperekera katundu, koma Loweruka lililonse ankavala masokosi awiriawiri n'kupita kukajambulabe, popanda womulipira. Masewero onse a chaka chino anali m'kabokosi kameneka basi.

"Mapaundi zikwi ziwiri," anatero a Anderson. "Ali ndi malo obetcherana pa intaneti. Akufuna kabokosi konse, pasatsale kalikonse kwa ife. Tisaina, atenga, zatha."

"Nanga a Sandra?"

A Sandra anali mlembi wa ligi. Anabwera kumaliro ndi osewera khumi ndi awiri, zimphona zagweru m'kamwa, zoima kumbuyo kwa tchalitchi mitu ili pansi. Potsazika ananong'oneza Wezzie kuti pali kampani ina yaing'ono imene ingasaine ndi ligi, ikangopatsidwa masewero a chaka chino kuti iyambe kuonetsa. Popanda zimenezo, ligi itseka. Ndalama analibe, ndipo sanabise.

"A Sandra akupatsani chiyani? Maluwa?" A Anderson anapukusa mutu. "Mng'ono wanga ankazizidwa ulere Loweruka lililonse, inu mukugwira ntchito ziwiri. Mwaiwala?"

Sanaiwale. Iye mwini anakalipira mwamuna wake kambirimbiri. Munthu wa ku Ntcheu, ayezi wa chiyani? Wezzie anasiyira sukulu Fomu 2, koma renti ankaidziwa bwino kuposa amene ali ndi madigiri.

"Ndione kaye zimene ndikugulitsa," anatero, akupukuta manja.

Analumikiza kabokosiko ku laputopu n'kutsegula filimu yoyamba. Panaoneka bwalo loyera mbee, lopanda munthu. Kenako panamveka kugogoda kawiri pa maikolofoni. Ojambula anzake poyesa mawu ankawerenga manambala. Biswick ayi.

"Mayi a Etta, mwadya? Etta, wadya?"

Wezzie anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anatsegula filimu yachiwiri. Gogogo, gogogo. "Mayi a Etta, mwadya?" Yachitatu, yachisanu, yakhumi, chimodzimodzi. Inali miyezi ija iye ankanama kuti wadyera kuntchito, n'cholinga choti chakudya chikwanire awiriwo. Ankayesa kuti Biswick sankadziwa.

M'filimu yomaliza mawuwo anapitirira pang'ono, mano akuguguda ndi chisanu. "Lero kwabwera anthu makumi anayi okha. Koma anyamatawa akusewera ngati dziko lonse likuonera. Asataye mtima, tsiku lina adzaoneka."

Etta, wa zaka zinayi, anatulukira kuchipinda atanyamula nsapato imodzi. Anayang'ana laputopu, n'kuyang'ana kuseri kwake.

"Daddy? I ate toast."

A Anderson anaimirira n'kupita pawindo. Anakhala nthawi akuyang'ana mabasi.

"Alamu," anatero Wezzie, "kamera ija kagulitseni. Miyendo yake, zikwama, zonse. Zimenezo ndi zitsulo, renti ituluke mmenemo. Koma kabokosi aka sikapita kwa obetcha."

"Mukutaya zikwi ziwiri, mlamu."

"Ndikudziwa. Kuwerenga ndimatha."

"Akwathu kumudzi ndikawauza chiyani?"

"Muwauze kuti ndakana ndine. Azinena ine."

A Anderson anatenga chipewa chawo. Pakhomo anaima, osatembenuka. "Kamawu kajako... mudzanditumizireko pafoni."

Lachisanu Wezzie anagula kabokosi kena ku mashopu a Lewisham, mnzake wa kuntchito n'kumukopera zonse. Kakale kaja anakapereka yekha kwa a Sandra, ndi pempho limodzi: poonetsa, dzina la wojambula lilembedwe lonse, osalakwitsa. A Sandra analira. Wezzie anawapatsa tishu n'kuthamangira basi.

Ngati kampaniyo isainadi, palibe ankadziwa. Zimene Wezzie ankadziwa n'zimene zinapita: mapaundi makumi anayi ndi asanu a kabokosi katsopano, shifiti imodzi yojomba, zikwi ziwiri zimene sanazigwire n'komwe, ndi apongozi ake amene anasiya kuyankha foni.

Loweruka masana, nthawi imene masewero ankayamba, anapakula mbale ziwiri. Yake anaidzaza. Anakhazika Etta pamiyendo, n'kutsegula laputopu.

Gogogo, gogogo.

"Mayi a Etta, mwadya?"

Wezzie anagogoda kawiri patebulo ndi chala.

"Tikudya, bambo," anatero, n'kunyamula supuni.