Chithunzi Kaye

Thumba lathu lothandiza ovutika tinaliyamba tili anayi m'kachipinda kanga kosokera: ine, wometa tsitsi, mayi wogulitsa makala ndi alamu anga okonza nsapato. Chinatiwawa n'chakuti mnzathu wina anafera m'nyumba akusowa mankhwala, chifukwa chochita manyazi kupempha. Lamulo tinaika limodzi basi: wothandizidwa asadziwike. Katundu ndinkamuika pansi pa zovala zosokedwa, anthu n'kumayesa ndikukapereka madiresi.

Thumba litakula kunabwera komiti. Wapampando wake, bambo wovala taye ngakhale dzuwa likuswa mtengo, tinamupatsa dzina loti Kamera. Munthu ameneyu sangapereke ngakhale sopo osajambulitsa. Akuti otithandiza amafuna umboni. Umboni wa chiyani, wa misozi ya anthu?

Chaka chatha akulu anga, akazi a alamu aja, anafa ziwalo mbali imodzi. Pankafunika chikuku chowapititsira kuchipatala. Ndinakauza komiti, chikuku chinagulidwa. Nditati ndikachitule kunyumba mwakachetechete, Kamera anakana. Akuti odwalawo abwere kuholo Loweruka, pa tsiku lokumbukira chiyambi cha thumba.

"Odwala abwere kuholo?" ndinamufunsa. "Bambo, mutu ukugwira koma?"

"Mayi, zinthu zinasintha. Sitiwachedwetsa."

Loweruka alamu anafika atabereka akazi awo, thukuta lili kamukamu. Holo inali yodzaza, chikuku chili kutsogolo atachimanga riboni ngati mphatso ya ukwati. Kamera anayamba kufotokoza mbiri ya thumba, mbiri yoti sanaione n'komwe, mawu ali gwa ngati kachipinda kaja ankasesamo ndi iye. Akulu anga anali pabenchi, malovu akutsika pakamwa popindikapo, iwo akulimbana kupukuta ndi dzanja lomwe linatsala. Munthu woti kale sankapita ngakhale kumpopi osadziyang'ana pagalasi!

Wojambula anasendera pafupi.

"Amayi asapukute," anatero Kamera. "Zioneke mmene zilili."

Abale inu, ndinapsa mtima. Ndinadzuka kuti ndimulalatire, koma alamu anali ataimirira kale. Sanakweze mawu. Anawapukuta akazi awo ndi mkono wa malaya, anagwada, n'kuwaberekanso.

"Achimwene, chikuku chanu!" anakuwa Kamera.

"Khalanipo inuyo akujambuleni," anayankha alamu, ulendo wa kukhomo.

Anthu anaseka, koma ine sindinaseke. Ndinamuchonderera Kamera tsiku lomwelo, mawa lake ndinapitanso ku ofesi. Yankho linali limodzi: popanda chithunzi, chikuku sichituluka. Mpaka lero chili kuseri kwa tebulo lake, chikutola fumbi.

Lachiwiri lililonse alamu amadutsa pakhomo pa shopu yanga, akazi awo ali kumsana, kupita kuchipatala. Ndimasiya makina n'kuwanyamulira chikwama. Sabata yatha tikukwera mtunda wa kuchipatala alamu anapumira kawiri, ndipo ndinamva akulu anga akuwanong'oneza ndi lilime lolemera lija:

"Bambo, tiyeni tingokajambulitsa."