Pepala Losafunsa za Madesiki

Mayeso a Fomu 2 sindinalephere chifukwa cha masamu. Anatisinthira chipinda m'mawa womwewo, madesiki akukwekwerezedwa pa simenti, ine n'kukhala maola awiri zala zili m'makutu. Ndili ndi otizimu, vuto lobadwa nalo loti phokoso ndi kusintha kwa zinthu zimandisokoneza. Ahedi anati pobwereza atha kundiika m'chipinda chandekha, bola ndibweretse kalata ya kuchipatala yoti nkhawa yanga ndi yaikulu.

Amayi anajomba kothyola tiyi, tinakwera minibasi pa Nkando kupita kuchipatala. Unali ulendo wachitatu.

A Morton, adokotala ake, anatulutsa pepala la mafunso makumi awiri. Mayankho anali anayi basi: ayi, nthawi zina, kawirikawiri, nthawi zonse. Lililonse ndi mamalikisi ake.

"Kondie, umaopa agalu?"

"Ayi."

"Mdima?"

"Ayi." Mdima ndimaukonda, suchita phokoso.

"Umada nkhawa kuti anzako akukuganizira zotani?"

"Anzanga ndilibe."

Anaseka pang'ono. "Tingolemba nthawi zina?"

"Nthawi zina ndi kangati pa sabata?"

"Iwe, tangoyankha," anatero amayi. "Adokotala ali ndi anthu panjapo."

"Mtima umathamanga popanda chifukwa?"

"Ayi." Umathamanga ndithu, koma chifukwa chimakhalapo. Ine kunama kumandivuta.

Anawonkhetsa. Mamalikisi asanu okha, pomwe kalata imafuna makumi awiri.

"Mayi, malinga ndi pepalali, mwanayu ndi wodekha kuposa ine."

Amayi anakoka dzanja langa n'kuliika patebulo. "Wodekha? Taonani zalazi." Ndimaziluma m'mbali mwa zikhadabo mpaka magazi. Ndinachita manyazi kwambiri, koma ndinaganiza za ulendo wachinayi.

"Pepala lanu silinafunse za madesiki," ndinatero, maso ali pansi.

"Madesiki atani?"

Ndinafotokoza pang'onopang'ono. Za madesikiwo, za belu likalira nthawi isanakwane, za mmene ndimasanzira m'mawa ndikamva kuti kwabwera mphunzitsi wina. A Morton anatembenuza pepala lija n'kumalemba kuseri mpaka malo anatha.

"Mamalikisi sindingasinthe," anatero akutikita m'maso. "Kalata ndilemba ndi mawu akowa. Kaya akaivomera."

Ahedi anaiwerenga kawiri, n'kufunsa chifukwa chake ilibe nambala ya mamalikisi. Amayi anangokhala pabenchi la mu ofesimo osachoka.

Ahedi anandipatsa kachipinda kosungira makasu a kumunda wa sukulu kuti ndidzalemberemo mayeso. Mumanunkha feteleza ndipo zenera silitseguka. Ndavomera.