Nsalu ya Ulusi Wosadula

Boti lochokera ku Larantuka linanyamuka dzuwa litakwera, litadzaza matumba a simenti, nkhumba ziwiri zomanga miyendo, ndi anthu okhala pamwamba pa zonsezo. Somi anasankha malo pafupi ndi injini, pomwe ena amakana chifukwa cha utsi. Pamenepo panalibe woti n'kumudzera kumbuyo. Mwana wake Barek, wa miyezi isanu ndi inayi, anali pachifuwa. Dengu linali pakati pa miyendo, chingwe chake atachikulunga kuphazi.

M'dengumo, pansi pa chimanga chophwanya pamwala, munali nsalu ya malemu mayi ake. Malemuwo anaiomba zaka zinayi, kuinyika mu utoto wa mizu mpaka kufiira kwake kutada. Inachoka pachoombera ili yozungulira, ulusi wolumikiza mbali ziwirizo usanadulidwe, monga imakhalira nsalu yaukwati. Loweruka akuchimuna abwera ndi mnyanga wa njovu kudzatenga Peni, mng'ono wake wa Somi, ndipo akuchikazi ayenera kupereka nsaluyo pobwezera. Ulusi ukaduka, nsalu ikamwa madzi amchere kapena ikasowa, mnyanga ubwerera kwawo, Peni n'kutsala pakhomo.

Anthu awiri m'botimo sanamusangalatse.

Woyamba anali Boli, msuweni wake, wa magalasi akuda, yemwe masiku ano ankaperekeza alendo m'midzi. Chaka chatha Boli anapita kukazonda azakhali awo a Lipat ali ndi alendo awiri. Patapita sabata azakhaliwo anatsegula bokosi, nsalu yawo yaukwati mulibe. Palibe anamugwira Boli, ndipo palibenso anaiwala.

Wachiwiri anali mlendo wa Boli wa ulendo uno, mzungu wamkazi wamtali ngati mlongoti, mphuno yosupuka ndi dzuwa. Chikwama chake chakumsana chinali choti mwana wa zaka zitatu n'kulowamo, zipi n'kutsekeka. Boli ankauza aliyense kuti mayiyu wayenda miyezi inayi, basi ndi boti, chilumba ndi chilumba, yekhayekha. Somi sanaimvetse nkhaniyo. Munthu amayenda popita kumaliro, kumsika kapena kuchipatala. Uyu miyezi inayi akufunafuna chiyani? Kumsika amayi ankanong'onezana kuti mlatho watsopano ukuvuta kuima, ndipo mlatho wovuta umafuna mutu wa mwana. Somi anali ataseka atamva zimenezo. Tsopano, akuyang'ana chikwamacho, sanaseke.

Mzunguyo anayamba kumwetulira Barek, kumutulutsira lilime. Anafunsa dzina la mwana m'chilankhulo chothyokathyoka. Somi anayankha kuti mwana akugona, pomwe mwanayo maso ali gwa. Mzunguyo atatulutsa foni, Somi anamuphimba Barek kumutu ndi mpango. Anaonanso kanthu kena: kathumba kachikopa komwe mlendoyo anakoleka m'khosi, mkati mwa malaya. Boti likagwedezeka, dzanja lake linkathamangira pamenepo, osati kuchikwama.

Boli anadumpha matumba n'kudzakhala pafupi.

"Msuweni, dengu limenelo mwalimangirira kuphazi ngati mbuzi. Limathawa?"

"Limathawa likaona anthu ena."

"Muli chiyani?"

"Chimanga. Ufuna? Tambasula dzanja, ndikupatse ndekha."

Boli anaseka, nati iye akudziwa kuti nsalu ya malemu ili momwemo, ndipo mlendo wake angofuna kuiona basi, kuona sikutha nsalu. Somi anamukumbutsa kuti ya azakhali a Lipat inatha ndi kuona komweko. Boli anabwerera kwa mlendo wake, n'kuyamba kulankhula Chingerezi, akuloza dengu ndi chibwano. M'mawu onsewo Somi anangotolamo dzina la mayi ake. Mzunguyo anayang'ana dengu, kenako mwana, kenako dengu.

Atazungulira kumwera kwa chilumba cha Lembata, mphepo inatembenuka. Pofika pamudzi pa Somi mafunde anali akuswekera pamiyala, ndipo woyendetsa boti anaponya nangula patali, nati sayandikira. Mabwato a pamudzi onse anali kunyanja. Wofuna kutsika atsike ayende m'madzi. Wosafuna apitirire nawo, boti lidzadutsanso Lolemba.

Lolemba ukwati utapita.

Amuna anayamba kudumphira, katundu pamutu. Madzi ankawafika m'chifuwa. Mayi wina wa msinkhu wa Somi atatsika, funde linamufika pachibwano, n'kutuluka akutsokomola. Somi anayang'ana mwana, anayang'ana dengu. Kuti afike yekha anafunika manja onse awiri.

Mzunguyo anali atafika kale kumtunda, kusiya chikwama pamchenga, n'kubwereranso. Madzi ankangomulekeza m'chiuno. Anaima pambali pa boti, manja m'mwamba, akuloza Barek. Pafupi naye panaima Boli, magalasi ali pamphumi, naye manja m'mwamba.

"Bweretsani dengu, msuweni. Mwana mupatse mlendoyu, ndi wamtali."

Aliyense ankapempha chimene Somi ankamuopera. Woyendetsa boti anakuwa kuti afulumire, nangula akukoka.

Somi anamasula mwana n'kumutsitsira m'manja mwa Boli.

"Ndati dengu!"

"Ndamva. Ameneyo ndi magazi ako. Akamwa madzi ngakhale kadontho, ukafotokoza wekha kwa bambo ake ndi kwa amalume onse. Munyamule pamwamba, manja onse awiri."

Kenako anatembenukira kwa mzungu uja. Analoza kathumba ka m'khosi, natambasula dzanja. Mayiyo anabwerera m'mbuyo pang'ono, dzanja lili pachifuwa. Anafunsa Boli kanthu. Boli, Barek akumukoka tsitsi, anayankha mokwiya, kenako anauza Somi kuti asachite misala, m'menemo muli pasipoti, popanda imeneyo mlendoyu sangabwerere kwawo.

"N'chifukwa chake ndikukafuna," anatero Somi.

Anakweza dengu ndi dzanja limodzi, linalo lili chitambasulire. Anayang'anizana. Funde linadutsa, boti linakwera n'kutsika. Mzunguyo anavula kathumbako pang'onopang'ono. Somi anakaluma ndi mano, naika dengu pamutu pa mlendoyo, namugwiritsa manja uku ndi uku, n'kutsetserekera m'madzi.

Kuzizira kunamugwira m'mimba. Anagwira lamba wa mzunguyo kumbuyo, chibwano m'mwamba kuti kathumba kasanyowe, diso limodzi kudengu, lina kwa Boli amene ankayenda patsogolo mwana ali paphewa akulira. Funde lalikulu linamunyamula, mapazi anasiya pansi, koma lamba sanamusiye. Mzunguyo anapendekeka, naponda mwala, nawongoka. Dengu silinasunthe.

Pamchenga Somi analunjika kwa Boli. Analanda mwana, namugwira pamimba ndi kumsana: wouma, kupatula kumene ananyowetsa yekha, pamalaya a Boli. Kenako anatenga dengu n'kupita kuseri kwa bwato lakale, kathumba kadali kukamwa. Anakhuthulira chimanga pampango, natulutsa nsalu. Anainunkhiza. Anayendetsa chala pa ulusi wonse, umodzi umodzi, kuyambira m'mphepete mpaka m'mphepete. Unali wathunthu.

Atabwerako anapeza mzunguyo ataima pomwe anamusiya, madzi akuchucha m'buluku, maso ali pakamwa pa Somi. Boli anali kumuuza mwachangu zinazake, koma iye sankamumvera. Somi anapukuta kathumbako pachitenje n'kumubwezera.

Mayiyo sanathokoze. Anatsegula zipi pomwepo, pamaso pa Somi, natulutsa pasipoti, naitsegula tsamba ndi tsamba, nayang'ana mapepala ena onse mpaka kutha. Boli anati zimenezo ndi zamwano, mlendoyu sakudziwa khalidwe.

"Musiye," anatero Somi. "Ali ndi nzeru."

Anatapa chimanga chodzaza dzanja n'kumupatsa mlendoyo. Kenako anabereka mwana, nasenza dengu, nauza awiriwo kuti atsogole, iye abwera pambuyo pawo.